Mwana akamadzikanda usiku: momwe mungadziwire nthenda ya khungu ndi kudzola mankhwala moyenera

Ikafika nyengo yozizira ya June ndi July, kenako fumbi la August mpaka October, ana ambiri kuno ku Chipata amagona akudzikanda, ndipo makolo amathamangira kumsika kukagula kachubu ka mankhwala odzola. Apa ndi pamene vuto limakulira, chifukwa chikanga, mphere ndi chipere zonse zimayabwa koma mankhwala ake ndi osiyana. Machubu ambiri otere amakhala ndi mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa otchedwa steroid, monga betamethasone kapena clobetasol, amene amaziziritsa kuyabwa kwa masiku ochepa pamene chipere chikufalikira, ndipo chimasintha maonekedwe moti ngakhale dokotala amavutika kuchizindikira.

Musanadzole chilichonse, yang'anani pamene pakuyabwapo. Chikanga cha ana okulirapo chimakonda mopindikira thupi, mkati mwa chigongono, kuseri kwa bondo ndi m'khosi, pomwe kwa makanda chimayambira m'masaya. Mphere zimakonda pakati pa zala ndi m'chiuno, zimavuta kwambiri usiku, ndipo kawirikawiri wina m'nyumbamo amakhalanso akudzikanda. Chipere chimapanga bwalo lotukuka m'mphepete, ndipo pamutu chimathothola tsitsi.

Popita kukiliniki, kapena kuchipatala cha Chipata Central kapena cha St Francis ku Katete ngati mwatumizidwa, tengani machubu onse amene mwadzolapo kale, ngakhale otha, ndipo musachite manyazi kutchula mankhwala azitsamba. Mafunso amene mudzafunsidwe ali ndi maziko ake m'kafukufuku. Mu 1994 madokotala a ku Britain anakhazikitsa njira yozindikirira chikanga: khungu loyabwa, pamodzi ndi zizindikiro zitatu mwa zisanu, monga kuuma kwa khungu m'chaka chapitachi, kuyamba mwana asanakwane zaka ziwiri, ndi mphumu. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mabuku ambiri amati chikanga chimafiira, pamene pakhungu lathu chimaoneka chotuwa, chakuda kuposa khungu lozungulira, kapena ngati timatuza tating'ono pamene pamamera ubweya. Choncho fotokozani za kuyabwa ndi kusagona kwa mwana mosabisa, chifukwa maso okha angachepetse kukula kwa vutolo. Ngati akukayikira chipere, achipatala angapale khungu pang'ono n'kuliunika ndi maikulosikopu.

Akatsimikiza kuti ndi chikanga, ntchito yaikulu ili kunyumba. Sambitsani mwana ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, pewani sopo wonunkhira ndi sopo wochapira zovala, ndipo musamukhule ndi mwala kapena chinkhupule. Mupukuteni mosisita pang'ono, kenako mudzozeni mafuta a Vaseline osanunkhira khungu likadali lonyowa, kawiri kapena kuposa patsiku, ngakhale masiku amene akuoneka kuti wachira. Wengani zikhadabo zake, ndipo juzi yaubweya isakhudze khungu. Yambani mwamuveka malaya athonje mkati.

Mankhwala a steroid si oipa akaperekedwa ndi achipatala, ndipo kuwaopa mopitirira kumasiya mwana akuvutika. Kumaso nthawi zambiri amapereka hydrocortisone wa 1%, amene ndi wofatsa. Muyezo wake ndi wa chala: finyani mankhwala kuchokera kunsonga ya chala cholozera cha munthu wamkulu kufika pamfundo yoyamba. Amenewo ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo amakwanira malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Dzozani pamene pali nthenda pokha, kwa masiku amene mwauzidwa, chifukwa steroid wamphamvu akamadzoledwa miyezi yambiri amapyapyalitsa khungu ndi kusiya mizere yosatha. Zikakhala mphere, a m'nyumba onse adzole benzyl benzoate kapena permethrin pa tsiku lofanana, ndipo zofunda ndi zovala zichapidwe ndi madzi otentha.

Musadikire tsiku limene anakuuzani kuti mubwerenso ngati khungu layamba kutuluka mafinya kapena nkhanambo zachikasu, ngati mwana watentha thupi, kapena ngati patuluka mwadzidzidzi matuza ambiri opweteka ofanana kukula, makamaka pafupi ndi maso. Munthu wamkulu amene wayamba kuyabwa thupi lonse, kapena amene khungu lake likusupuka kwambiri m'mutu ndi m'mbali mwa mphuno, apemphenso kuyezetsa magazi, chifukwa HIV nthawi zina imayamba kudzionetsera pakhungu.