Mkangano wa hockey kuntchito ku Canada: mmene Mmalawi angalowerepo

Kuyambira Januwale mpaka kumayambiriro kwa Malichi, nkhani ya pa nkhomaliro kuntchito ku Toronto, Calgary kapena Edmonton imakhala imodzimodzi: timu yathu ichotse ndani, itenge ndani. Amalawi obwera kumene ambiri amangoti zii, maso pa foni, poganiza kuti munthu amene sanapondepo pa ayezi alibe chonena. Chonsecho mkanganowu sulira luso losewera. Umalira kamasamu pang'ono ndi mayina owerengeka, ndipo aliyense amene anakulira pa zokangana za Bullets ndi Noma pakamwa pake mpokonzeka kale.

Choyamba, ikani pambali zimene mukudziwa za mpira wamiyendo. Mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya matimu 32 omwe 7 mwa iwo ali ku Canada, wosewera sagulidwa ndi ndalama. Matimu amasinthana anthu: uyu apite, uyo abwere, nthawi zina nkuwonjezerapo ma draft pick, womwe ndi mwayi wosankha anyamata atsopano pa mwambo wa kumapeto kwa Juni. Wosewera wamba safunsidwanso maganizo. Amangomuimbira foni kuti alongedze, mawa akagone ku Winnipeg. Akatswiri okha ndi amene amalembetsa no-movement clause mu kontrakiti, kuti asamasamutsidwe iwo asanavomere. Ndiye mnzanu akamafuula kuti “uyu achoke basi”, funso lanu likhale lakuti: kodi kontrakiti yake ikulola? Funso limeneli palokha limakupatsani mpando pa tebulo.

Phata la mkangano wonse ndi salary cap. Kuyambira 2005, timu iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingalipire osewera onse pamodzi pa chaka, kaya eni ake ndi olemera chotani. Mu nyengo ya 2024–25 malirewo anali madola a ku America 88 miliyoni, ndipo mu 2025–26 anakwera kufika pa 95.5 miliyoni. Dola imene yapita kwa mmodzi yachoka kwa wina.

Toronto Maple Leafs ndiye sukulu yabwino ya zimenezi. Mu 2024–25 anyamata anayi okha, Auston Matthews, Mitch Marner, William Nylander ndi John Tavares, ankadya ndalama zoposa theka la malire onse. Matthews yekha 13.25 miliyoni. Onsewa ndi akutsogolo, ogoletsa. Chaka ndi chaka timu inkachita bwino m'ligi nkukagwa msanga mu playoffs, ndime yachipulula yolimbirana chikho, ndipo mzinda unagawikana. Ena ankati katswiri sumutaya, wina ngati iyeyo sudzamupezanso. Ena ankati ndalama zathera kutsogolo, kumbuyo kwatsala pululu. Florida Panthers atawatulutsa mu 2025 powachinya 6–1 pa masewero achisanu ndi chiwiri, omaliza a ndimeyo, pabwalo la Toronto lomwe, zinatha ndi Marner, mwana wa kudera la Toronto komweko. Anapita ku Vegas Golden Knights pa kontrakiti ya zaka 8 ya madola 96 miliyoni, Toronto nkulandira Nicolas Roy. Kuona kwanga, a gulu lachiwiri ankanena zoona, kungoti timu inachedwa mpaka mtengo wa Marner pa msika unatsika chifukwa kontrakiti yake inali ikutha. Mukanena zimenezi kuntchito mupeza okutsutsani, ndipo nkhani yayambika. Koma chaka cha 1967, pamene Leafs anatenga komaliza Stanley Cup, chikho cha NHL, musachitchule moseka kwa bwana amene simunamuzolowere.

Mzinda uliwonse uli ndi bala lake. Ku Calgary ndi Matthew Tkachuk, amene timu ya Calgary Flames inamutumiza ku Florida mu Julayi 2022 nkulandira Jonathan Huberdeau ndi MacKenzie Weegar. Tkachuk anakatenga chikho kawiri, 2024 ndi 2025. Kawiri konseko amene anagonja mu fainolo ndi Edmonton Oilers a Connor McDavid, choncho ku Edmonton nkhani imakonda kuthera podzudzula goloboyi. Achikulire a kumeneko akadali ndi mkwiyo wa pa 9 Ogasiti 1988, tsiku limene Wayne Gretzky anaperekedwa ku Los Angeles Kings. Ndipo Calgary ndi Edmonton samwerana madzi: jezi ya Flames mu basi ya ku Edmonton ikubweretserani ndemanga zomwe simunaziyitane.

Msika wosinthana osewera umatsekedwa kumayambiriro kwa Malichi, tsiku lotchedwa trade deadline. Tsikuli lisanafike matimu amagawika pawiri. Amene akuona kuti chikho chili pafupi amagula: amapereka ma draft pick kuti apeze wosewera wokhwima, ngakhale wongokhala miyezi itatu. Amene ataya mtima amagulitsa akuluakulu awo nkusonkhanitsa achinyamata. Funso lachidule lakuti “chaka chino tikugula kapena tikugulitsa?” limagwira ntchito mumzinda uliwonse. Msika wina umatseguka pa 1 Julayi, pamene osewera omwe makontrakiti awo atha amasankha okha kopita.

Kuti khutu lizolowere mayina, onerani pulogalamu ya pa TV ya Hockey Night in Canada Loweruka madzulo, makamaka zokambirana za nthawi yopuma. Pa tsiku la deadline, matchanelo a zamasewera a TSN ndi Sportsnet amaulutsa kuyambira m'mawa, ndipo musadabwe anzanu akamasuzumira foni pansi pa desiki. Zambiri zimene mumve sabata zimenezi ndi mphekesera chabe. Dikirani timu ilengeze yokha.

Pa nkhani ya thumba, chenjerani ndi zinthu ziwiri. Chigawo cha Ontario chitatsegula msika wa kubetcha pa intaneti mu 2022, zotsatsa za juga zadzaza pa TV nthawi ya masewero, ndipo zimaoneka ngati mbali ya masewerowo. Ndalama ya lendi ndi yotumiza kumudzi isayandikire kumeneko. Chachiwiri ndi jezi. Yeniyeni yokhala ndi dzina kumsana imapitirira madola 200, ndipo ana akayamba sukulu amaifuna ndithu. Musagule ya dzina mu Febuluwale. Dikirani deadline idutse, onani kuti wosewerayo watsala ndi zaka zingati pa kontrakiti, kapena gulani yopanda dzina.