Kukonza seva kuti isaime chipangizo chimodzi chikafa

Seva, kompyuta yotumikira makompyuta ena, imene kampani imadalira pa malonda, malipiro ndi maimelo siyenera kuima chifukwa choti disiki imodzi yafa. Seva yogwira ntchito 99.9 peresenti ya nthawi imaima pafupifupi maola 9 pachaka, pomwe ya 99.99 peresenti imaima mphindi 53 zokha. Maolawa amachepa mukakhala ndi ziwiriziwiri za zipangizo zimene zimafa kawirikawiri.

Yambirani pa madisiki ndi RAID, njira yophatikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi. RAID 1 imafuna madisiki awiri olembedwa zofanana, imodzi ikafa inzake imapitiriza. RAID 5 imafuna osachepera atatu, koma imapirira imfa ya disiki imodzi yokha. Pa madisiki akuluakulu, monga a 8 TB, RAID 5 si yodalirika. Mukachotsa yakufayo n'kuika yatsopano, makina amawerenga madisiki onse otsala kuyambira poyamba mpaka kumapeto kuti aidzaze, ndipo izi zimatha kudya tsiku lathunthu kapena kuposa. Madisiki ogulidwa tsiku limodzi amakalambanso limodzi, choncho yachiwiri ikhoza kufa ntchitoyo ili mkati, deta yonse n'kupita. Sankhani RAID 6, ya madisiki osachepera anayi, yomwe imapirira ngakhale awiri atafa, kapena RAID 10, yophatikiza madisiki awiriawiri olembedwa zofanana, ngati seva ili ndi database (nkhokwe ya deta) yotanganidwa. Ikaninso disiki ina yopanda kanthu yoti izilowa yokha m'malo mwa yakufa.

Kumbali ya magetsi, seva ikhale ndi ma PSU (zipangizo zolowetsa magetsi mu seva) awiri, ndipo iliyonse izitha kunyamula seva yonse payokha. Ambiri amalakwitsa apa: amagula awiri, kenako n'kulumikiza onse pa UPS imodzi (bokosi la mabatire lopereka magetsi akathima). UPS imeneyo ikafa, zonse zathima. Chingwe chilichonse chipite ku UPS yakeyake komanso ku breaker (chodulira magetsi pakachitika vuto) yakeyake. Mabatire a UPS amatha mphamvu pakadutsa zaka 3 mpaka 5, choncho lembani pa batirelo tsiku limene mwaliika.

Memori ikhale ya ECC, mtundu umene umakonza wokha bit imodzi (kachidutswa kakang'ono kwambiri ka deta) ikasokonekera. Zingwe za netiweki zikhale ziwiri, zopita ku maswichi (mabokosi olumikiza makompyuta pa netiweki) awiri osiyana.

Vuto la dongosolo lotere ndi loti limabisa matenda. Disiki ikafa, ogwira ntchito sadziwa kanthu chifukwa seva ikuyendabe, ndipo pakhoza kutha miyezi mukuyenda ndi mwendo umodzi. Maseva a Dell ali ndi iDRAC, a HPE ali ndi iLO, zida zoyang'anira thanzi la seva. Zikonzeni kuti zizitumiza imelo kwa anthu awiri, osati mmodzi, chipangizo chikangodwala. Imeloyo isadutse pa seva yomweyo imene ikuyang'aniridwa.

Muziyesanso. Kamodzi pa miyezi 6, pa nthawi imene ntchito yachepa, zulani chingwe cha PSU imodzi muone ngati seva ikuyakabe komanso ngati uthenga wafika. Bwezerani, dikirani nyali yake iwale bwino, ndiyeno zulani chinacho. Chitani chimodzimodzi ndi zingwe za netiweki.

RAID siiteteza mafayilo amene munthu wafufuta mwangozi kapena amene ransomware (pulogalamu yaumbanda yotseka mafayilo kuti mulipire dipo) yatseka, chifukwa cholakwikacho chimalembedwa pa madisiki onse nthawi imodzi. Sungani makope atatu a deta pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kunja kwa nyumba imene muli seva. Mwezi uliwonse tengani fayilo imodzi kuchokera ku kopelo muitsegule.