Ogwira ntchito ku California, musalole kuberedwa malipiro

Abale amene mukugwira ntchito ku California, khalani ndi kabuku kolembamo maola anu. Tsiku lililonse lembani nthawi yolowa, yopuma kukadya ndi yoweruka, ndipo kapepala kalikonse ka malipiro muzikajambula pafoni. Bwana akadzayamba kukana, umboni wanu ndi umenewo.

Lamulo la kumeneko likuti mukapitirira maola 8 patsiku, ola lililonse lowonjezera mulipidwe kamodzi ndi theka, ndipo mukadutsa maola 12 mulipidwe kawiri. Kwa osamalira okalamba kapena odwala m'nyumba za anthu zimasiyana pang'ono: ovataimu imayamba mukadutsa maola 9 patsiku kapena 45 pasabata. Apa ndiye pofunika maso, makamaka ngati mumagona komweko. Kudzutsidwa pakati pa usiku kukatembenuza gogo pabedi ndi ntchito ndithu, ilembeni.

Akakuchotsani ntchito, ndalama zanu zonse akupatseni tsiku lomwelo, za "bwerani mawa" ayi. Akachedwetsa dala, tsiku lililonse lochedwa amakulipirani ngati mwagwira ntchito, mpaka masiku 30.

Dandaulo mumakapereka ku ofesi ya boma yoona za ogwira ntchito yotchedwa Labor Commissioner, kwaulere, ngakhale opanda loya, ndipo kaya mapepala okhalira m'dzikomo muli nawo kaya mulibe, lamulo limakutetezani chimodzimodzi. Koma osagona, nthawi yokadandaulira za ovataimu malire ake ndi zaka 3.

Kuyambira 2022, bwana wobera dala wantchito mmodzi ndalama zoposa $950 m'miyezi 12 akhoza kuimbidwa mlandu waukulu wakuba. Matipi amene makasitomala anakusiyirani iye n'kuika m'thumba mwake amawerengedwa momwemo.