Ngati mukuopa opaleshoni ya maso ya laser

Mantha ambiri amabwera chifukwa chosadziwa zimene zichitike mukagona pabedi paja. Ndiye tsikulo lisanafike, pemphani adokotala akufotokozereni zonse mwatsatanetsatane.

Funsani makamaka za kuphethira, poti n'zimene zimasowetsa anthu tulo. Amakudonthezerani mankhwala ochititsa dzanzi, kenako kachipangizo kamagwira zikope, moti simungaphethire ngakhale mutafuna. Diso likasuntha makina a laser amalitsatira, likasuntha kwambiri amaima okha. Pa LASIK, womwe ndi mtundu umodzi wa opaleshoniyi, mumamva diso likupanikizika, n'kuchita mdima kwa masekondi ochepa, komanso pamamveka kafungo ngati ka tsitsi lopsa. Zikakupezani mutauzidwiratu, mtima sugunda kwambiri. Laser yeniyeniyo nthawi zambiri sikwana n'komwe mphindi imodzi pa diso lililonse.

Ma contact lens (timagalasi tovala m'diso) ofewa muwasiye pafupifupi milungu 2 asanakuyezeni, olimba nthawi yotalikirapo. Amasinthako kaumbidwe ka diso kutsogoloku, ndiye muyezo ungalakwike.

Patsikulo musadzole mafuta kumaso, zophodaphoda kapena perefyumu. Pezeranitu wokutengani, chifukwa galimoto simuyendetsa. Mukafika kunyumba gonani, ndipo diso likamayabwa musalitikite, thirani mankhwala amene akupatsani.