Kulumikiza iSCSI pa makhadi a netiweki a 10GbE

Achimwene, mwafunsa mmene mungalumikizire seva ya ofesi yanu ku Chinamwali ndi bokosi losungira mafayilo kudzera pa iSCSI, njira yochititsa seva kuona disiki ya pa netiweki ngati yakeyake. Pa Linux chitani motere.

Choyamba, iSCSI ipatseni njira yakeyake, VLAN (gawo lapadera la netiweki) kapena switch yapadera, isamalimbirane ndi intaneti ya mu ofesi. Waya akhale Cat6a, yemwe amafika mamita 100. Lembani ethtool eth1 (pa eth1 ikani dzina la khadi lanu la netiweki), muone ngati ikunena 10000Mb/s, liwiro la 10GbE.

Kenako MTU (malire a kukula kwa paketi ya deta), ndipo apa musathamange. Ikani 9000 pa seva, pa switch ndi pa bokosi, konse kutatu. Pena pakatsala 1500, mapaketi akuluakulu amatha kungotayika osakuuzani, disiki n'kumaima. Yesani ndi ping -M do -s 8972 kutsatiza adiresi ya bokosi. Mabayiti 28 otsalawo kuti akwane 9000 ndi a IP ndi ICMP. Yankho likabwera, pitirizani.

Tsegulani port 3260, ikani CHAP (dzina ndi pasiwedi zolowera) mbali zonse ziwiri, mulembe iscsiadm -m discovery -t sendtargets -p ndi adiresi ija, kenako iscsiadm -m node --login. Disiki yatsopano ioneka pa lsblk.

Chonde switch nayo ikhale pa UPS (batire yothandiza magetsi akathima). Magetsi akathima seva ikulemba, mafayilo amatha kuonongeka.