Mwasintha chipolopolo koma mfuti simunaiyese

Chitsegulireni nyengo yosaka agwape aakazi pa 21 Okutobala kuno ku Scotland, ndaitanidwa katatu kukathandiza kulondola nyama yovulala, ndipo katatu konseko nkhani inali imodzimodzi. Munthu wagula bokosi la zipolopolo zamkuwa, waika mu mfuti yake ya mtundu wa .243 imene yakhala ikudya zamtovu kwa zaka 20, n'kukwera phiri osawomberako ngakhale kamodzi pa pepala loyesera mfuti. Gwape wamenyedwa m'mimba kapena pamwendo, walowa m'nkhalango yowirira, ife tsiku lonse tili chowerama kufunafuna timadontho ta magazi pa udzu wonyowa.

Chimene chikukusinthitsani ndikuchidziwa, ndipo sindikutsutsa. Ogula nyama ambiri safunanso gwape wophedwa ndi mtovu. Mu Julaye 2025 boma la Britain lidalengeza kuti liletsa zipolopolo zamtovu posaka, litapereka zaka zitatu zoti anthu asinthe, ndipo mfuti za mpope wa mamilimita 6.17 kupita m'mwamba zonse zili m'gulumo. Apa .243 nayo yagweramo. Chifukwa chake n'chomveka: matumbo amene timasiya kuphiri amadyedwa ndi ziwombankhanga, tizidutswa ta mtovu tili momwemo. Kusintha sinthani. Chondipweteka mtima n'choti mukusintha ngati mukusintha mtundu wa fodya.

Mkuwa ndi wopepuka kuposa mtovu. Kuti chipolopolo chamkuwa chilemere magireni 100 (gireni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), chiyenera kukhala chachitali kuposa chamtovu cholemera chimodzimodzi. Tsono mizere ya mkati mwa mpope wa .243 zambiri imazunguza chipolopolo kamodzi pa mainchesi 10 alionse, ndipo kuzungulira kumeneko sikukwana kugwira chipolopolo chachitali chonchi kuti chiyende chowongoka. Chimapita chikupepesuka. Mukawombera pepala mudzaona nokha: m'malo mwa kabowo kozungulira bwino, pamabwera bowo lotalika ngati lolowetsa kiyi pachitseko, kusonyeza kuti chafika cham'mbali. Chipolopolo chofika cham'mbali pa nthiti ya gwape sichitseguka mmene adachipangira.

Vuto limeneli boma lidaliona. Lamulo la 1985 la mfuti zosakira agwape ku Scotland linkati chipolopolo chisachepere magireni 100. Mu 2023 adatsitsa kufika pa 80, kuti eni .243 athe kugwiritsa ntchito zamkuwa zazifupi. Anthu adangomva 80 basi, n'kuthamangira kusitolo. Zina ziwiri zidakhala momwemo osasintha: liwiro lisachepere mapazi 2,450 pa sekondi potuluka pakamwa pa mfuti, ndipo mphamvu isachepere ma foot-pound 1,750 (muyeso wa mphamvu ya chipolopolo). Werengani masamu ake. Chipolopolo cha magireni 80 kuti chikwanitse mphamvu imeneyo chiyenera kutuluka pa liwiro la mapazi oposa 3,100 pa sekondi. Nambala yolembedwa pabokosi adaiyeza ndi mpope wautali wa kufakitale. Nanga inu amene mudadulitsa mpope kuti moderator, chochepetsa phokoso la mfuti, isakulemereni poyenda m'tchire? Inchi iliyonse imene idadulidwa idapita ndi liwiro lake. Mutha kukhala mukuphwanya lamulo chipolopolo chovomerezeka chili m'manja. Ndipo mkuwa umadalira liwiro kuti utseguke. Ukafika utatopa umangoboola kabowo kakang'ono n'kudutsa, nyama n'kuthamanga nalo bala.

Mmodzi mwa atatu aja ndi bambo wina wachikulire wolima balere ku Perthshire, amene agwape amamutherera mitengo yaing'ono yomwe adabzala m'mphepete mwa mtsinje. Mfuti yawo adasiyiridwa ndi bambo awo. Adawombera gwape wamkazi madzulo, iye n'kudumpha mpanda n'kusowa. Tidamupeza tsiku lachitatu, akhwangwala ndiwo adatilozera. Chipolopolo chidalowa kumbuyo kwa nthiti, m'chifu, ndipo pamene adagona udzu udali utapondedwa mozungulira, kusonyeza kuti adakhala nthawi akudzuka n'kugwa. Nyama yonse idaola. Kamwana kake kadali kataima chapatali, ndipo nyengo yozizira ya kuno kamwana kopanda make sikawirikawiri kuidutsa bwino.

Bambowo adandiuza kuti mfutiyo sidanamepo chiyambire, ndipo sadaone chifukwa chotayira zipolopolo zodula pa pepala. Ndidawapempha kuti tingoyesako zitatu pa mamita 100. Zonse zidagwa kumanja, mtunda wa chikhatho changa kuchokera pamene ankalozera, ndipo chimodzi chidasiya bowo la kiyi lija. Adayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kulipinda n'kuika m'thumba la jekete osanena kanthu. Bokosi lawo lidali la magireni 100, adagula poganiza kuti cholemera ndicho champhamvu, monga zidaliri ndi mtovu.

Maganizo oti "chakale sichinama" ndiwo akutipha. Mfuti ya mtundu wa .243 idatuluka mu 1955, idapangidwira mtovu, ndipo yatumikira bwino. Palibe akuinyoza. Koma telesikopu yanu mudaikonza kuti igwirizane ndi chipolopolo china, cholemera mwina, chothamanga mwina. Mwasintha chipolopolo, mwasintha ponse pamene mfuti imamenya. Zipolopolo zisanu zoyesera mukuziona zodula, nanga tsiku lathunthu la anthu atatu ndi galu, nyama imene wogula akadakulipirani, ndi chinyama kuvutika masiku awiri m'tchire, zimenezo n'zotchipa?

Palinso ena amene mumasaka mbali zonse ziwiri za malire, mukuiwala kuti malamulo ndi osiyana. Ku England ndi ku Wales lamulo la 1991 limayang'ana kukula kwa mpope: usachepere .240, mphamvu isachepere ma foot-pound 1,700. Gwape wamng'ono wotchedwa roe, ku Scotland mutha kumuwombera ndi .222 kapena .223 bola chipolopolo chifike magireni 50 ndi mphamvu 1,000. Mukangowoloka kupita ku Northumberland, ku England, ndi mfuti yomweyo pa roe yemweyo, mwalakwa. Kumeneko mfuti zazing'onozo n'za agwape aang'ono kwambiri a mitundu ya muntjac ndi Chinese water deer okha.

Tsono chitani izi musanakwerenso phiri. Tsukani mpope bwinobwino musanalowetse zamkuwa. Ngati muli ndi .243, yambani ndi magireni 80 kapena 85, muwombere pepala pa mamita 100 ndi pa mtunda umene mumasakira, muyang'ane mabowo ngati ali ozungulira. Bwerekani chronograph, makina oyezera liwiro la chipolopolo, kwa a kalabu ya owombera muyeze liwiro lenileni la mpope wanu, makamaka ngati mudaudula. Zikapanda kukwana, kapena ngati mumasaka agwape akuluakulu a mtundu wa red deer pamtunda wautali, musakakamire: mfuti za mpope wokulirapo monga 6.5x55, 6.5 Creedmoor, .270 ndi .308 zimanyamula mkuwa popanda vuto limeneli. Kusintha mfuti kumafuna kuti apolisi asinthe kaye chiphaso chanu, ndiye lembani kalatayo panopa, musadikire kuti aliyense adzathamangire nthawi imodzi. Mkuwa nthawi zambiri umatulukira mbali ina ya nyama, choncho kumbuyo kwa gwape kukhale dothi, osati thambo kapena miyala. Ndipo nambala ya munthu wa galu wolondola magazi ikhale mufoni musanachoke panyumba. Nyengo ya red deer aakazi itsekedwa pa 15 Febuluwale.