GCC kapena Clang? Mmene ndimasankhira compiler yomangira kernel ya Linux

Musanayambe kutsutsana za compiler yabwino (pulogalamu yosandutsa code kukhala zimene kompyuta imamva, monga GCC ndi Clang), ifunseni kaye kernel, mtima wa Linux, imene ili pa kompyuta yanu. Lembani `cat /proc/version` pa terminal. Mzere umene ubwere ukuuzani compiler yomwe inamanga kernel imeneyo, pamodzi ndi nambala yake. Pa Debian, Ubuntu kapena Fedora muona gcc. Ngati mukungofuna kusintha config (zosankha za kamangidwe ka kernel) pang'ono kapena kuyesa patch (kachidutswa kosintha code) imodzi, tengani yomweyo basi, musadzivutitse.

GCC ndi mkhalakale pa ntchitoyi. Linus Torvalds anayamba Linux mu 1991 akugwiritsa ntchito GCC, ndipo code ya kernel inakula ikudalira zinthu zowonjezera za GNU, omwe anapanga GCC, zimene chilankhulo cha C wamba chilibe, monga asm goto. N'chifukwa chake Clang inavutika zaka zambiri: kernel ya x86_64 inayamba kumangika bwinobwino ndi Clang 9, mu 2019, itaphunzira asm goto imeneyi. Ngati muli ndi makina akale a Alpha kapena PA-RISC, nkhani yatha, GCC yokha ndiyo imawadziwa.

Nanga Clang ndimaitenga liti? Ndikafuna zimene GCC singandipatse mu kernel yeniyeni ya Torvalds. LTO, imene imalola compiler kuona kernel yonse nthawi imodzi poilumikiza, inalowa mu Linux 5.12 mu 2021, ndipo ndi ya Clang. Ngati mukuseweretsa Rust, chilankhulo china cholembera code chimene chinalowa mu 6.1, njira yosalala ndi ya LLVM, gulu la zida limene Clang ili m'menemo; `make LLVM=1 rustavailable` ikuuzani chimene chikusowa. Ma kernel a Android nawonso amamangidwa ndi Clang. Koma chimene ndimaikondera kwambiri ndi kumangira purosesa ina. Ndi GCC mumafunika compiler yapadera ya purosesa iliyonse, n'kulemba `ARCH=arm64 CROSS_COMPILE=aarch64-linux-gnu-`. Clang imodzi yomweyo imamangira zonse zimene imazidziwa, `ARCH=arm64 LLVM=1` yakwana.

Apa pali msampha umene unandidyera usiku wathunthu. Ndinasankha LTO mu menuconfig ndi `LLVM=1`, ndinasunga config yanga bwinobwino, kenako ndinalemba `make olddefconfig` n'kuyamba kumanga osawonjezera kalikonse. Kconfig, imene imakonza config, imayesa compiler nthawi iliyonse ikamayenda. Itaona gcc, inachotsa LTO mwakachetechete, ine ndili phee kudikira, fani ya laputopu ikulira. M'mawa ndi pamene ndinatsegula .config n'kupeza mzere wa `CONFIG_CC_VERSION_TEXT` ukunena gcc. Kuyambira tsiku limenelo `LLVM=1` ndimayilemba pa make iliyonse, kuyambira config mpaka `modules_install`. Dziwaninso kuti `CC=clang` imasintha compiler yokha, pamene `LLVM=1` imabweretsa gulu lonse: ld.lld, llvm-ar, llvm-objcopy ndi zina. LTO imafuna ld.lld, ndiye theka silikwanira.

Ma module akunja (zidutswa zowonjezera pa kernel), monga amene chida cha DKMS chimamanga a khadi ya Wi-Fi kapena ya zithunzi, amafunanso compiler yomwe inamanga kernel. Mukamanga kernel ndi Clang koma module n'kuimanga ndi gcc, mudzaona chenjezo loti ma compiler akusiyana, ndipo kawirikawiri gcc imangokana ma flag a Clang amene siwadziwa. Ngati kompyuta yanu imadalira module yotere kuti chinsalu chiyake, ganizani kawiri.

Za nambala ya compiler musadalire chikumbumtima chanu, kapena changa, chifukwa malire amakwera. Tsegulani `Documentation/process/changes.rst` mu code ya kernel imene mukumangayo, muona nambala yotsikitsitsa ya GCC ndi ya Clang. Vuto limabweranso mbali inayo: compiler yatsopano kwambiri ikakumana ndi kernel yakale imatulutsa machenjezo atsopano, ndipo ngati `CONFIG_WERROR` yayatsidwa, chenjezo limodzi limaimitsa ntchito yonse.

Mukafuna kuyesa onse awiri, apatseni mafoda osiyana: `make O=../ya-gcc` ndi `make LLVM=1 O=../ya-clang`. Ine ndimatero pa patch iliyonse ndisanaitumize, poti chimene gcc yachidumpha, Clang nthawi zina imachigwira.